Timadontho ta NyaThole

Ine ndine munthu wosapirira chinthu chopendama. Chithunzi chikakhota pakhoma la eni ake, ndimachiwongola ndisanapereke n'komwe moni. Kutchalitchi ndakonzapo makolala a anthu osawadziwa, ena n'kuthokoza, ena n'kundiyang'ana ngati ndawapisa m'thumba. Khalidwe limeneli ndi limene linandipezetsa ntchito pa risepushoni ya loji ina kuno ku Chintheche, ndipo lomweli ndi limene linandilakwitsa kwa mayi amene anandisunga ngati mwana wobala yekha. Dzina langa ndi Margret, kwathu ndi ku Ntcheu. Mayiwo anali a Olive, mwana wa a Thole, koma aliyense ankangoti NyaThole. Pagalasi la kompyuta yawo panali timadontho, ndipo timadonthoto tinali chinthu chomaliza chimene mwana wawo anawasiyira. Amene anatifufuta ndine.

NyaThole anabadwira kufupi ndi Bandawe m'chaka cha 1951. Bambo awo anali msodzi, koma atayang'ana zala za mwana wawo anati zimenezi si zotumbula nsomba, n'kuwatumiza ku Mzuzu kukaphunzira kutayipa. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri mu ofesi ya esiteti ina kumtunda kuno. Akuti ankatayipa maso ali pazenera, pakamwa akukalipira mesenjala, koma pepala n'kutuluka lopanda chilema. Matipate atabwera, ofesi inagula makompyuta n'kulemba atsikana a masatifiketi atsopano, iwo n'kupatsidwa kalata yoti akapume. Anaiwerenga ali chiimire, anapezamo zolakwika zitatu, anazikonza ndi cholembera chofiira n'kuibweza kuti ailembenso. Nditamva nkhani imeneyi ndinati basi, mayi awa ndi ine tinaumbidwa ndi dothi limodzi.

Amuna awo a Enos anamwalira ndi chifuwa mu 1999. Pa ana atatu amene anabereka, amene anakula ndi mmodzi, Griffin. NyaThole anabwerera kumunda wa chinangwa, zala zija n'kuyamba kusenda ndi kuviika ngati za mayi wina aliyense wa kuno. Griffin ali kusukulu anamasula wailesi iliyonse ya m'mudzimo, zina n'kuzibwezeretsa. Atakula anatsata njira ya amuna a kuno, anapita ku Kepitawuni, kumene ankaperekera zakudya mu lesitilanti. Anzake akamapita kumpira tsiku lopuma, iye ankakhala m'chipinda ndi timakompyuta tating'ono ngati sopo wochapira, topanda chikuto, mawaya ali pamtunda. Sikuti ankapeza nato kanthu. Ankangotikonda basi, monga ena amakondera nkhunda.

Anayesa kuwatumizira mayi ake foni ya galasi kuti azilemberana. Foniyo inabwerera ndi munthu yemwe anaibweretsayo.

"Ine nditayipe ndi chala chachikulu ngati ndikuswa nsabwe?" anatero NyaThole. "Mukamuuze kuti zala ndili nazo khumi."

Ndiye mu Disembala wa 2014, nyengo ya gule wa chilimika pamene a kunja amabwera kudzaonekera, Griffin anafika ndi kamodzi ka timakompyuta take. Anakakhomera kuseri kwa galasi lakale la kompyuta, n'kulumikiza kiyibodi yolira ngati makina otayipira akale, sola imodzi padenga, ndi batire la galimoto pansi pa tebulo. Munalibe zithunzi, munalibe mausi. Galasi lakuda, zilembo zoyera, basi. Anaikamo pulogalamu yotchedwa tmux, imene NyaThole ankaitchula kuti timakisi. Ntchito yake ndi kugawa galasi limodzi m'zipinda, ndiponso kulola anthu awiri otalikirana kukhala pagalasi lomwelo nthawi imodzi. Chipinda cha kumanzere chinali cha mayi, cha kumanja cha mwana, cha m'munsi chowerengeramo malangizo. Griffin akamalemba pafoni yake ku Kepitawuni, mayi ake ankaona chilembo chilichonse chikutuluka, ngakhale chimene walakwitsa n'kufufuta. Ankamudzudzula pompo.

Apa ndi pamene timadontho tikulowera. Pulogalamuyo ikaona kuti alowa anthu awiri, wina wa galasi lalikulu wina wa laling'ono, imatsata wamng'onoyo, monga anthu awiri oyenda limodzi amatsatira liwiro la wofooka miyendo. Choncho Griffin akangolowa ndi foni yake, zolemba zonse zinkakhwinyatira pakona ya kumtunda, ndipo malo otsalawo ankadzaza timadontho. Akatuluka, galasi linkatambasukanso. NyaThole ankati akamadutsa pakhomo ndi beseni la chinangwa pamutu, ankangoponya diso m'nyumba. Akaona timadontho ankatula beseni, kusamba m'manja, n'kukhala pampando. Mwana wabwera.

Griffin anakhala milungu itatu yokha, ndipo sanawaphunzitse zambiri. Anawasonyeza chinthu chimodzi.

"Ama, chikakuvutani tayipani mawu akuti man, kenako dzina la chakuvutanicho. Buku lake lili m'kati momwemo."

Wina akanangoti chabwino n'kumadikira kufunsa. Osati NyaThole. Masamba amenewo ndi ataliatali, Chingelezi chake chouma gwa, koma iwo ankawawerenga mzere ndi mzere ngati Levitiko, n'kumakopera zofunika m'kope la chikuto cholimba. Ankanena kuti amene analemba masambawo anali anthu aulemu, chifukwa sanabise kanthu, kungoti sankadziwa kucheza.

Tsiku limodzi lokha ndi limene bukulo anachedwa kulifunsa. Makalata a mwezi woyamba atachuluka, Griffin anawauza kuti awatsendere ndi pulogalamu yotchedwa gzip kuti asadye malo. Anatsendera. Poyang'ana, fayilo ya makalata ija palibe, pangotsala kanthu kakang'ono kamene atakatsegula kanangolavula zilembo zamisala. Analira m'mawa wonse, nkhuku osazitsegulira. Masana anapukuta maso n'kutsegula buku, ndipo anapeza kuti ndi mmene pulogalamuyo imachitira: ikatsendera imachotsa chakalecho, koma mawu onse amakhala ali m'katimo, ndipo ukamasula amabwerera osasowa ndi limodzi lomwe.

"Ngati ufa wa kondowole m'thumba," ankandiuza. "Ukatsendera, chotuluka ndi mphepo. Ufa uli momwemo."

Kuyambira pamenepo, mwezi ukatha ankatsendera makalata n'kuwaika pa fulashi, fulashiyo n'kuisunga m'chitini limodzi ndi makhadi a ubatizo a ana awo atatu.

Netiweki ya kuno mukuidziwa, imabwera ndi kupita ngati mlendo wosakhazikika. Pofuna kuti macheza asamaduke, Griffin anakonza zoti foni yake ikasowa, kompyuta isamuyese kuti wachoka koma izingomudikira. Kuti atuluke, ankayenera kutsanzika yekha podina mabatani awiri. Ankatero nthawi zonse.

Lachiwiri lina m'mawa mu Ogasiti wa 2016 analowa n'kulemba m'Chitonga mizere iwiri. Anafunsa ngati mango wa kuseri kwa nyumba wachita maluwa. Kenako anati wakwera, alembanso akafika. Minibasi imene anakwerayo sinafike. Mnzake wina dzina lake Jeremiah ndi amene anaimba foni kwa mbusa, mbusa n'kubwera ndi amayi awiri. Bokosi linafika patapita milungu itatu, lokhomeredwa, ndipo anthu anauzidwa kuti kuona nkhope kulibe. NyaThole anaika m'manda bokosi. Anthu atabalalika analowa m'nyumba n'kuyatsa galasi, ndipo anapeza timadontho tili pomwepo. Griffin sanatsanzike, choncho kompyuta inali kumudikirabe.

Zonsezi ine ndinazidziwa mochedwa. Ndinafika mu Januwale wa 2017 ndi sutikesi imodzi ndi ukwati wotha, ndipo anandilozera kwa NyaThole kuti ali ndi chipinda chapadera kuseri. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundipatsa lamulo limodzi.

"Mbale tengani, mpando khalani, mango thyolani. Koma waya uwu musakhudze cha."

Ndinadabwa kuti nyumba ya sola inalibe babu loyaka, ndipo wailesi inali pashelefu itafunditsidwa kansalu. Moto wonse unkapita kwa kakompyutako. Galasi ankalizimitsa, chifukwa ndi limene limadya kwambiri, koma kabokosi ka kuseri sikanazimepo kuchokera tsiku la ngozi. Kakanangozima kamphindi, pulogalamu ikanaiwala aliyense amene analimo.

Mvula ya kuno si ya kwathu ku Ntcheu. Imatha kugwa sabata yathunthu dzuwa osaoneka, mpaka mu Epulo. Masiku amenewo NyaThole sankadya bwino. Ankangogwada pansi pa tebulo kuyang'ana kamuvi ka batire. Nditaona choncho ndinapempha ku loji kuti ndizitchajako batire lachiwiri, ndipo ndinkabwera nalo pa njinga ya kabaza nditalikumbatira ngati mbuzi yodwala. Kusintha kwake kunali ndi mwambo. Batire latsopano linkayamba lalumikizidwa lakale lisanachotsedwe, kuti moto usaduke. Ine ndinkagwira mawaya, iwo sipanala. Ankapuma pokhapokha nati yomaliza italimba.

"Yewo, a Margret," ankatero.

Ine ndinkayesa kuti akuopa kutaya makalata, ndipo pakamwa panga sipachedwa.

"Ama, makalatatu munatsendera, ali m'chitini. Ngakhale izime, simutaya kanthu. Mukudzizunziranji?"

"Makalata ndili nawo," anayankha, n'kutembenuza nkhani kufunsa ngati ndadya.

Sanauze munthu za timadonthoto, ngakhale mbusa. Ankadziwa mmene pakamwa pa anthu pamayendera, mawa lake bwenzi kumsika akuti NyaThole akucheza ndi mizimu pa kompyuta. Ine ndinkationa tsiku ndi tsiku, ndipo tinkandinyansa. Galasi lalikulu bwino, koma mayi wokalamba akuwerenga pakakona kokwana chikhatho, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Ndinafunsapo kamodzi. Anati, "Ndi mmene zilili." Ine ndinamva ngati akuti zinawakanika.

Ndinali ndi satifiketi ya kompyuta ya ku Lilongwe, ndipo ndinkaiyesa chinthu. Iwo ankaiseka. Ankati ine ndimadziwa kuloza ndi mausi ngati mwana wofuna switi m'golosale, koma kupempha chinthu ndi dzina lake sindidziwa. Loweruka masana ankandikhazika pambali pawo n'kundiphunzitsa kutsegula buku lija, kufufuzamo mawu, kutsendera ndi kumasula mafayilo. Ndikafunsa funso ankangoloza chipinda cha m'munsi.

"Werengani, a Margret. Mpaka pansi."

Ndinawakonda mayi amenewa, ndinene poyera. Mayi anga ondibala anamwalira ndili wamng'ono, ndipo palibe wina amene anandidikirapo pakhomo kuti ndabwera mochedwa.

Mu 2018 diso lawo la kumanja linayamba ng'ala. Ankawerenga misozi ikutsika, mutu ukuwawa, koma osasiya. Zinkandipweteka. Lachinayi lina mu Juni anavala yunifolomu yawo ya Umanyano, bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, n'kupita ku Bandawe kumapemphero a amayi. Ine ndinali pa ofu. Ndinakolopa, ndinachapa makatani, ndinafoletsa mipando. Kenako ndinaima kutsogolo kwa galasi lija, chinthu chokhacho chopendama m'nyumba yonse, ndipo ndinati lero ndiwachitira mayi anga chinthu chabwino.

Waya sindinaukhudze. Ndinachita monga anandiphunzitsira. Ndinatsegula buku la timakisi n'kuyamba kufufuza chimene chimachepetsa galasi. Panatenga ola, koma ndinachipeza, ndipo ndinapezanso mankhwala ake. Bukulo linati polowa ukawonjezera chilembo d, ena onse amene alowa amatulutsidwa. Linanena momveka, silinabise. Mawu akuti ena onse ndinawawerenga ndi maso angawa, koma sindinadzifunse kuti enawo ndani. Ndinkayesa kuti ndi zinyalala za makina. Ndinatayipa, ndinadina. Timadontho tinazimiririka, zolemba zinatambasuka mpaka m'mbali monse, zooneka bwino ngati bedi loyalidwa kumene. Ndinadziombera m'manja ndekha.

Anafika cha m'ma 3 koloko, Baibulo kukhwapa. Ndinali nditasiya galasi loyaka dala kuti aone akangolowa. Anaponya diso monga mwa chizolowezi, n'kuima pakhomo. Anaima nthawi yaitali moti ndinayamba kulongosola ndekha, kuti ndawerenga buku, kuti tsopano maso apumako. Anakhala pampando osavula nsapato, n'kutayipa lamulo lofunsa kuti amene alowa ndani. Kale linkayankha mizere iwiri. Tsikulo linayankha umodzi.

"Mwamutulutsa," anatero chapansipansi.

"Ndani, Ama?"

Ndi pamene anandiuza zonse zimene ndalemba pamwambazi, mawu ali phee, maso ali pagalasi. Anandisonyeza mizere iwiri ya mango ija, imene inali ikadali m'chipinda cha kumanja. Ine ndinali nditakhala pansi pasimenti.

"Musandiyese wamisala cha," anatero. "Ndikudziwa kuti mwana wanga anamwalira. Foni yake inaphwanyika pamsewu, ndikudziwa. Koma nkhope sindinaione. Chimene ndinaona ndi ichi, kuti sanatsanzike. Ndikadzuka ndinkapeza malo ake ali pomwepo, ndiye ndinkati tikhale kaye."

Ndinalira mokuwa ngati ndine wofedwa. Iwo sanalire. Anandifunsa funso limodzi lokha, ngati ndinawerenga mpaka pansi. Ndinati eya. Anagwedeza mutu, n'kupita kukatsekera nkhuku.

Akanandikalipira bwenzi zili bwino. Akanandithamangitsa ndikananyamula sutikesi mosangalala. Koma m'mawa mwake anandigogodera kuti tiyi wapsa, ngati kale.

Munthu wokonza zinthu samva. Masiku atatu otsatira ndinkati iwo akapita kumunda, ine pabuku. Ndinkafuna njira yomubwezera, koma njira yotero mulibe, wotuluka amalowanso yekha. Chimene ndinapeza ndi lamulo lokakamiza galasi kuti lichepe pa muyezo umene iwe wafuna. M'kope lawo lija munali muyezo wa foni ya Griffin, zilembo makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi m'lifupi. Ndinaika womwewo. Timadontho tinabwerera, tofanana ndendende, palibe akanasiyanitsa.

Atabwera kumunda anatula khasu, anasamba m'manja, n'kukhala. Anawerenga zilembo za mzere woyamba ndi chala, chimodzichimodzi, mpaka kumapeto.

"Mwayeza bwino," anatero. "Mwayamba kudziwa kuwerenga. Koma iti ndi tanu, a Margret. Chotsani."

Ndinachotsa. Iwo anakopera mizere iwiri ya mango ija mu fayilo, anaitsendera limodzi ndi zonse zimene anakhala akumulembera kumanzere kwa zaka ziwiri popanda yankho, n'kuika pa fulashi. Anatseka chitini. Kenako anagwada pansi pa tebulo ndi sipanala, koma manja anakana, sipanala inkangoterereka panati. Anandipatsira.

"Masulani ndinu. Ine ndalephera."

Ndinamasula waya uja, womwe anandiletsa tsiku loyamba. Kagetsi kofiira ka kuseri kwa galasi kanazima. NyaThole anatsitsa wailesi pashelefu, anakutumula kansalu, n'kundiuza kuti ndiilumikize kubatire, moto usapite pachabe. Inayamba kulankhula za nyengo, kuti m'mbali mwa nyanja sabata yonse kukhala dzuwa. Tinakhala n'kumamvera.

Anakhala chaka china ndi miyezi inayi. Sanadwale matenda oti n'kuwatchula, ankangochepa. Diso anakana kukachotsa ng'ala, ankati zowerenga anamaliza. Kumunda ankapita, ku Umanyano ankapita, ndipo ine sanasiye kundidikira pakhomo. Nkhani ija sanaitchulenso. Koma ndinkawaona akamadutsa ndi beseni pamutu, khosi linkatembenuka lokha kuyang'ana patebulo, kenako n'kubwerera. Nthawi iliyonse ndikaona zimenezo, chakudya sichinkalowa.

Anamwalira mu Okutobala wa 2019, mango wa kuseri ali ndi zipatso zaziwisi. Chitini anasiya atalemba dzina langa papepala, lotayipidwa bwino pa makina akale a kutchalitchi. Kumasula mafayilowo ndimadziwa, anandiphunzitsa okha, koma mpaka lero sindinatero. Si makalata anga.

Pamaliro pawo bokosi linatsegulidwa, ndipo tinafola kuona nkhope. Amayi a Umanyano anawaveka yunifolomu yawo, yochapa ndi kusita bwino. Nditafika pafupi ndinaona kuti kolala ya bulauzi yapindika pang'ono mbali ya kumanzere, kansonga kataloza kuchibwano. Palibe wina anazindikira. Dzanja langa linanyamuka lokha, linafika mpaka m'mphepete mwa bokosi. Ndinaligwira ndi linzake, n'kulibweza pachifuwa. Mayi wa kumbuyo kwanga anandikankha pang'ono kuti mzere uyende, ndipo ndinayenda.